Mawu a m'kanema ndi nthawi yake: ntchito ya mlembi amene saoneka

Msewu wa M5 wochokera ku Salima kulowera ku Balaka umadutsa m'chigwa cha Dedza, kumunsi kwa mapiri, kumene kuli Mtakataka, Mua ndi Golomoti. Makamera ambiri ayenda mumsewu umenewu. Ena amakhotera ku Mua kukajambula magule ndi zosemasema za ku Kungoni. Ena ankafika kwa Inkosi Kachindamoto pa zaka zimene mbiri ya malemu Theresa Kachindamoto, yothetsa maukwati a ana, inamveka mpaka maiko akutali. Mu 2022 kunabweranso ena, pamene malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 ku Golomoti anayamba kugwira ntchito. Onjezanipo mafoni a ana athu, amene saphonya ukwati, sadaka kapena msonkhano wa kwa mfumu. Anthu a m'chigwachi ayankhula maola ochuluka pamaso pa kamera.

Chimene ambiri mwa iwo sanachionepo ndi ulendo wa mawu awo kamera ikazimitsidwa. Munthu amene anayankhula ola lathunthu amadzaoneka m'filimu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pali wina amene anasankha mphindi zimenezo, ndipo filimu ikakhala ya alendo, wosankhayo kawirikawiri samva Chichewa ngakhale Chiyao. Iye amadalira pepala limene munthu wina analemba atamvetsera zonse, lokhala ndi manambala kumanzere kwa ndime iliyonse. Dzina la wolemba pepalalo limabwera kumapeto kwenikweni kwa filimu, ngati labwera n'komwe, komatu ndi iye amene amagamula chimene dziko lidzamva kuti agogo anu ananena.

Adiresi ya chithunzi chilichonse

Kanema ndi zithunzi zosayenda zimene zimasinthana mofulumira mpaka diso kunyengeka. Wailesi ya kanema m'dziko muno, kuyambira pamene TVM inatsegulidwa mu 1999, imatsatira muyezo wa zithunzi 25 pa sekondi. Ola limodzi ndiye kuti lili ndi zithunzi 90,000. Kuti mkonzi wa filimu asasochere m'nkhalango yotereyi, chithunzi chilichonse chimapatsidwa nambala ya magawo anayi: ola, mphindi, sekondi ndi chithunzi. Mukaona 00:14:32:10, dziwani kuti muli pa mphindi 14, masekondi 32, chithunzi cha nambala 10. Nambala imeneyi akatswiri amaitcha timecode, ndipo imagwira ntchito ngati adiresi: palibe zithunzi ziwiri pa tepi yojambulidwa bwino zimene zimagawana nambala.

Njirayi inabadwa chifukwa cha vuto. Matepi oyamba a kanema, a makina amene kampani ya Ampex inatulutsa mu 1956, ankadulidwa ndi lumo n'kumatidwa, ndipo pa tepi yoteroyo diso silinkaona chithunzi ngati mmene limaonera pa filimu ya sinema ukaiunika ndi nyali. Mkonzi ankadula molota. Mu 1967 kampani ya ku America ya EECO inapeza njira yolembera nthawi pa tepi penipenipo, ndipo patapita zaka zochepa bungwe la akatswiri a sinema ndi kanema la SMPTE linaikhazikitsa kukhala muyezo wa onse. Lumo linatha ntchito, matepi nawo akutha, koma manambala anayi aja akadalipo m'makompyuta onse okonzera filimu.

Ntchito ya mlembi ndi kulumikiza mawu ku manambalawo. Amavala mahedifoni, amamvetsera masekondi ochepa, amaimitsa, amalemba, amabwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti wajambulidwa ndi mlimi wa mpunga wa m'chigwa cha Bwanje. Pepala lidzaoneka motere:

00:14:32:10 Mlimi: Chaka chimenecho mpunga tinakolola wambiri ndithu, matumba anadzaza nyumba,
00:14:38:02 koma ogula anabwera ndi mtengo wawo, ife tinangogwira njakata.
00:14:44:20 Mphepo yakula, mawu sakumveka, akuloza kumtsinje.

Amene amagwira ntchitoyi amawerengera maola 4 mpaka 6 pa ola limodzi la mawu omveka bwino. Anthu akamayankhula molandirana m'kamwa, kapena akamasakaniza zilankhulo, nthawi imapitirira pamenepo. Pepala likatha, mkonzi amaliwerenga, amalemba mzere pansi pa ndime zimene akufuna, amazisanja mwa dongosolo lake, ndipo kenaka amapita ku kompyuta kukadula kanema potsatira manambala. Mafilimu ambiri a nkhani zenizeni amayamba kumangidwa pa pepala motere.

Onaninso mlimi uja. Mkonzi akatenga ndime yoyamba yokha n'kudula pa 00:14:38:02, dziko lidzaona mlimi wokondwa ndi matumba odzaza nyumba. Palibe liwu limene lanamiziridwa. Angochotsa "koma" ndi zonse zobwera pambuyo pake. Mlimiyo atati adandaule, mboni yake ndi pepala lokhala ndi nthawi, chifukwa limasonyeza malo enieni amene chiganizo chinadulidwira ndi zimene zinatsala pansi. Popanda pepalalo, mlandu umasanduka wa "ndinanena" ndi "simunanene".

Kaphatikizo kamene kamatembenuza nkhani

Chichewa chili ndi misampha yake. Kukana m'chilankhulo chathu kumagona m'kaphatikizo kamodzi ka kumayambiriro kwa mawu. "Sindikufuna" ndi "ndikufuna" zimasiyana ndi "si" basi, ndipo "si" ameneyo m'kamwa mwa munthu woyankhula mofulumira amatenga zithunzi zochepa chabe, zosakwana n'komwe theka la sekondi. Mphepo ya mwera ikaomba pa maikolofoni nthawi yomweyo, kapena mkonzi akayamba kudula mochedwa ndi zithunzi zisanu, mtsikana amene anati sakufuna kukwatiwa amamveka ngati akuvomera. Mkonzi wosamva Chichewa sangazindikire kuti wachita ngozi. N'chifukwa chake mlembi wosamala amaika nambala yoyambira patsogolo pang'ono pa liwu loyamba, pamene woyankhula akukoka mpweya, ndipo filimu ikatha kudulidwa amapempha kuimvetseranso yonse.

Msampha wachiwiri ndi wa kukweza ndi kutsitsa mawu, kumene kalembedwe kathu sikasonyeza. Mmisiri wosema mabwato akati "mtengo wa bwato ukuvuta masiku ano", khutu limasiyanitsa ngati akunena za mtengo wa m'nkhalango umene ukusowa kapena za ndalama zogulira bwato. Pa pepala mawuwo ndi amodzi. Womasulira amene wangolandira pepala, osamvetsera liwu, ali ndi mwayi wofanana wolondola ndi wolakwa. Timecode imamupatsa njira yobwererera ku liwu lenilenilo m'kanthawi kochepa, m'malo mofufuza ola lonse. Chimodzimodzi "khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona.

Palinso nkhani imene alembi ophunzira bwino amalakwa kuposa anzawo. Munthu amene anakhoza Chichewa cha m'kalasi amakhala ndi dzanja loyabwa, lofuna kukonza. Msodzi akayankhula monga amayankhulira anthu a m'mbali mwa nyanja, ndi mawu ake a chilimira, a siginala ndi a mphepo za mpoto ndi vuma, mlembi amaona ngati akumuchitira ulemu pomusinthira ku chilankhulo cha m'buku. Kumeneko n'kulakwa pawiri. Mkonzi akadzafufuza mawu amene ali pa pepala sadzawapeza m'kanema, ndipo mayankhulidwe a dera lonse amafafanizika mwakachetechete. Malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board inakonza mu 1990, ndi ntchito imene Centre for Language Studies ya ku Zomba yapitiriza kuyambira mu 1996, amathandiza pa mmene liwu lilembedwere. Sapatsa mlembi ufulu wosintha liwulo. Kukayikira, kubwereza, kuseka, kukhala chete kwa masekondi angapo mayi asanatchule dzina la mwana amene anamwalira, zonsezo zimalembedwa, chifukwa mkonzi wabwino amadziwa kuti nthawi zina filimu imagona m'kachetechete ameneyo.

Chigwa cha Dedza si cha chilankhulo chimodzi. Angoni a kwa Kachindamoto amayankhula Chichewa, koma nyimbo za ngoma zimasunga mawu a Chingoni amene oimba ambiri sangawamasulire bwinobwino. Kufupi ndi nyanja Chiyao chimalowa m'chiganizo n'kutulukamo popanda kugogoda. M'kanema wa ukwati wa nikah kapena wa ulaliki wa Lachisanu, shehe amatha kuwerenga ndime ya Qur'an m'Chiarabu, kuifotokoza m'Chiyao, n'kumaliza ndi Chichewa, zonsezi m'mphindi ziwiri. Mlembi amene sadziwa Chiarabu asayerekeze kulemba zimene khutu lake lamva m'zilembo za Chichewa. Alembe nthawi imene kuwerenga kwayambira ndi imene kwathera, afunse wodziwa kuti ndi sura iti ndi ndime iti, ndipo aike chenjezo kuti mkonzi asadule pakati pake. Mawu akuti "apa sindikumva" ndi aulemu kwambiri pa pepala lotere kuposa kulota.

Zimene makina akutha ndi zimene sakutha

Wina angafunse kuti kodi makompyuta sanalande kale ntchito imeneyi. Ku zilankhulo zina alandadi gawo lalikulu. Mu 2023 mapulogalamu akuluakulu okonzera filimu, Adobe Premiere Pro ndi DaVinci Resolve, anayamba kulola mkonzi kudula kanema kudzera m'mawu olembedwa: pulogalamu imamvetsera, imalemba yokha, imamangirira liwu lililonse ku nthawi yake, ndipo mkonzi akasankha chiganizo pa tsamba, chidutswa cha kanema chimatsatira. Kwa woyankhula Chingerezi, ntchito ya tsiku lathunthu imatha pa mphindi zochepa.

Kwa ife nkhani ndi ina. Pamene kampani ya OpenAI inatulutsa pulogalamu yomvetsera mawu ya Whisper mu 2022, pa mndandanda wa zilankhulo pafupifupi 100 panali Chiswahili ndi Chishona, koma Chichewa ndi Chiyao panalibe. Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa yake ya zilankhulo zoposa 1,100, ndipo Chinyanja chilimo, koma gawo lalikulu la mawu amene makinawo anaphunzirira linali la anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Munthu wowerenga buku modekha m'chipinda chabata ndi wosiyana kutali ndi mayi wotsatsa usipa padoko, ana akulira, injini ya boti ikulindima. Ku Zambia, akatswiri a pa University of Zambia anasonkhanitsa mawu a Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi m'ntchito yotchedwa Zambezi Voice kuti mpata umenewu uchepe. Chomwe chiyenera kudziwika n'chakuti makina onsewa amaphunzira kuchokera ku mawu amene anthu analemba kale ndi manja n'kuwalumikiza ku liwu. Chilankhulo chimene chilibe alembi otere, makina sachimva. Ndipo ngakhale pamene makina ayesa, chimene atulutsa ndi chongoyambira. "Si" uja amafunabe khutu la munthu.

Zida za munthu amene akufuna kuyamba sizodula. Pulogalamu ya ELAN, yopangidwa ku Max Planck Institute for Psycholinguistics mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands, ndi yaulere, ndipo akatswiri a zilankhulo amaigwiritsa ntchito padziko lonse. Imaika kanema pamwamba, pansi pake mizere ingapo yoyenda ndi nthawi: mzere wa mawu monga anayankhulidwira, wa kumasulira, wa zimene manja ndi nkhope zikuchita. Amene alibe laputopu angathe kuyamba ndi foni ndi kope la masamba 80, bola alembe mphindi ndi sekondi patsogolo pa ndime iliyonse. Mnyamata kapena mtsikana wa Fomu 4 wa ku Golomoti, amene amamva Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi, ndipo mwina anadutsa ku madrasa, ali ndi khutu limene mkonzi wa ku London kapena Johannesburg sangaligule m'sitolo. N'zomvetsa chisoni kuti achinyamata otere amalembedwa ganyu yonyamula zikwama za ojambula, pamene ntchito yolemba mawu imakapatsidwa kwa munthu wa mumzinda amene sanamvepo mayankhulidwe a kuno.

Phunziro la ku Mua

Chitsanzo cha phindu la kulemba zimene zamveka chili pafupi. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mu 1976 wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, amene anafika m'dziko muno mu 1967 ndipo anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni. Nyumba yake yosungira zakale ya Chamare ili ndi zigoba za gule wamkulu zoposa 400, komanso gawo lofotokoza za Angoni ndi Ayao. Zigoba zokhazo zikanakhala mitengo yopakidwa utoto. Chimene chimazipatsa mtengo kwa ofufuza n'chakuti nyimbo za zilombozo zinalembedwa m'Chichewa, zinamasuliridwa, ndipo zinafotokozedwa pamodzi ndi dera limene zinapezeka, ntchito ya zaka zambiri imene inatuluka m'buku la 2012 lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance. Munthu angathe kusiyana maganizo ndi gule weniweniyo, koma njira yosungira ndi yofunika kuitengera: liwu, malo ake, ndi amene analinena.

Pa dziko lonse, ntchito yoyandikira kwambiri nkhani yathu ndi ya nthano. Kuyambira mu 2012 bungwe la Malawi National Commission for UNESCO ndi National Library Service, mothandizidwa ndi zipangizo za kampani ya Sony, anayenda m'maboma akujambula pa kanema akuluakulu akusimba nthano m'zilankhulo zawo, ndipo anasonkhanitsa nthano zoposa 200. Kujambula kunali gawo loyamba chabe. Kuti mphunzitsi apeze nthano ya kalulu pakati pa maola onsewo, panafunika anthu okhala pansi n'kulemba.

Ku Mua komweko kuli sukulu ya ana a vuto la kumva. Kwa iwo, ndi kwa agogo ambiri amene makutu atopa, kanema wopanda mawu olembedwa m'munsi ndi milomo yongogwedera. Mawu a m'munsiwo amachokera ku pepala lomwe lija. Fayilo yake, imene nthawi zambiri imakhala ya mtundu wa SRT, ndi mndandanda wosavuta wa nthawi yoyambira, nthawi yothera ndi chiganizo. Vuto n'lakuti pansi pa kanema pamakwana mizere iwiri, uliwonse wa zilembo pafupifupi 40, pamene liwu limodzi lathu ngati "tikadzakumananso" ladya kale zilembo 16. Choncho mawu a m'munsi amafupikitsidwa. Pepala la mawu onse liyenera kusungidwa palokha, losakhudzidwa, kuti wofupikitsa akapyola muyezo pakhale pobwerera.

Ufulu wa wojambulidwa

Abale ndi alongo, gawo ili likukhudza banja lililonse limene linalandirapo mlendo wa kamera. Mwambo wathu wolemekeza mlendo umatichititsa manyazi kufunsa. Timayala mphasa, timayankha mafunso, timatsanzikana, ndipo nkhani imathera pomwepo. Komatu si zonse zimene zimanenedwa pa mphasa zili za dziko lonse. Pali za ku jando ndi ku nsondo zimene eni ake safuna kuti zituluke kunja kwa mwambo. Pali dzina la mtsikana amene anachotsedwa ku banja n'kubwerera ku sukulu, amene lero ndi mayi wa ulemu wake ndipo safuna kuti mbiriyo izimutsatira pa Facebook. Pali liwu la mkwiyo lonena za malire a munda, limene likamveka kwa mnansi lingadzutse mlandu wa zaka.

Munthu sangakumbukire zonse zimene anayankhula kwa ola. Koma pepala lokhala ndi nthawi likabwerera kumudzi n'kuwerengedwa mokweza pamaso pa woyankhula ndi ana ake, iye angathe kunena momveka kuti kuyambira pa mphindi 22 mpaka pa mphindi 25 musaonetse, ndipo pa mphindi 31 dzinalo mulibise. Lamulo loterolo mkonzi angalitsatire, chifukwa lili m'chilankhulo chimene kompyuta yake imamva. Pempho lakuti "zachinsinsi zija musaike" silimuthandiza kanthu. Lamulo la dziko lino loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act ya 2024, likutsindika za chilolezo cha mwini nkhani, ndipo chilolezo choperekedwa munthu asanamve mawu ake ndi chopepuka. M'maganizo mwanga, palibe wojambula wochokera kunja kwa mudzi amene ayenera kukana zinthu ziwiri: kusiya kope la pepalalo m'manja mwa banja, ndi kulola munthu womva chilankhulo kumvetsera filimu isanatuluke.

Makanema a m'nyumba mwathu

Akulu anati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Masiku ano amagonera m'memori khadi. M'mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja muli makanema a agogo akufotokoza kumene mtundu unachokera, amene anabereka ndani, malire a dimba pamene anadutsa, chaka chimene mtsinje wa Livulezi unasefukira. Achibale a ku Joni amatumiza ndalama kuti mwambo ujambulidwe, kanema amatumizidwa pa WhatsApp, amaonedwa kawiri, kenaka amakwiririka. Tsiku lofunika liwu limodzi la agogo pa nkhani ya malo, palibe amene akudziwa kuti lili m'fayilo iti, pa mphindi iti.

Wofuna kukonza zimenezi asamale zinthu zochepa. Alembe kuchokera ku fayilo yoyambirira, chifukwa kanema amene wadutsa m'manja ambiri amakhala atapanikizidwa, ndipo mwina wina anamudula mutu, moti manambala a pepala sagwirizananso ndi fayilo ya mwini. Mafoni ambiri amajambula zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi, ndipo m'malo a mdima liwiro limenelo limasinthasintha. Ngakhale kusiyana kochepa, kwa pakati pa 30 ndi 29.97, kumabala masekondi 3.6 pa ola, zokwanira kuti mawu a m'munsi agwere pa munthu wina. Wodziwa kompyuta ayambe wasintha fayilo kuti ikhale ya liwiro lokhazikika, ndipo ngati n'kotheka manambala a nthawi awadinde pa chithunzi penipenipo, kuti mlembi ndi mkonzi aziona nambala imodzi.

Matepi akale ali ndi mavuto awo. VHS ya m'nyumba ilibe timecode yeniyeni. Nambala imene makina amaonetsa imayambiranso pa ziro tepi ikatulutsidwa. MiniDV ili nayo, koma wojambula akasiya kampata kopanda kanthu pakati, kuwerenga kumayambiranso, moti tepi imodzi imakhala ndi mphindi 5 ziwiri. Ndipo kutentha ndi chinyontho cha kunyanja kuno si abwenzi a tepi: nkhungu imamera m'kati, tepi imamatirirana. Tepi yotere isamutsidwire ku kompyuta msanga, nthawi iwerengedwe kuyambira pa chithunzi choyamba cha fayilo yatsopanoyo, ndipo dzina la fayilo lisasinthidwenso. Pamwamba pa tsamba loyamba la kope palembedwe dzina limenelo, tsiku ndi mudzi umene kanema anajambulidwa, ndi mayina a oyankhula monga mmene iwo ankafunira kutchulidwa. Amene sakudziwika, nkhope zawo zionetsedwe kwa azakhali ndi amalume amene akadalipo, ndipo dzina lililonse limene atchule lilembedwe pa mphindi imene nkhopeyo ikuonekera.